Pampu ya sola ikamazima yokha, musathamangire kudula waya

Mu Okutobala chaka cha 2024, dzuwa likuswa mtengo kunsi kwa mapiri a Dedza, ndinalandira uthenga kuchokera ku kalabu ina ya alimi a mthirira kufupi ndi Mtakataka. Uthengawo unali wachidule. Pampu ya sola imene anagula pa ngongole inali itayamba kuzima yokha, chimanga chinali chikumasula, ndipo ngati sindifika msanga iwo anali ataganiza kale chochita.

Owerenga tsamba lino akukumbukira mmene chaka chimenecho chinalili. Mvula inadula pakati pa dzinja kaamba ka El Nino, ndipo m'mwezi wa Malichi Pulezidenti wa nthawi imeneyo, Dr Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Nkhokwe zambiri zinali pululu. Chimanga cha kudimba sichinali chongogulitsa chachiwisi m'mbali mwa msewu wa M5 ayi, chinali nsima ya ana mpaka kukolola kwina. Mafuta a injini nawo anali kusowa, anthu kuchita kugona pa mzere. Choncho pampu ya sola ikazima, kunalibe kwina kothawira koma kubwerera ku makeni.

Ndinene poyambirira kuti ine sindine wa zamagetsi. Ndinaphunzira zaulimi ku Bunda ndipo ntchito yanga ndi ya nthaka, mbewu ndi madzi. Koma masiku ano mlangizi amene sadziwa chimene chimachitika m'kabokosi ka pampu ya sola ali ngati woweta ng'ombe wosadziwa kumanga goli. Nchifukwa chake ndaganiza zokufotokozerani zimene ndaphunzira, kuti mavuto amene anzathu aja anakumana nawo asakugwereni inunso.

Zimene ndinapeza

Ndinafika pa dimbapo cha m'ma 10 koloko m'mawa. Munda wonse unali ngati ekala imodzi, wogawidwa m'zigawo za mamembala. Madzi ankachokera m'chitsime chokumba pamanja m'mbali mwa mtsinje umene unali utaphwa, ndipo pampu inali yomiza m'madzi. Pafupi ndi chitsimecho panali mapanelo pa zitsulo, ndipo pansi pa mapanelowo panali kabokosi kotuwa kokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Kabokosi kameneka ndiko ogulitsa amati inveta.

Mayi wapampando wa kalabuyo sanachedwe ndi malonje.

"Alangizi, kabokosi aka katilodza," anatero. "M'mawa madzi amatuluka bwinobwino. Dzuwa likangokwera, nthawi imene tikufuna madzi kwambiri, iko kamazimitsa pampu. Kamakhala duu, kenaka kuyambanso kokha, posakhalitsa kuzimanso. Mwezi wa Julayi sikankatero."

Pambali pawo panaima mnyamata wina wokonza mawailesi ndi mafoni pa msika, atanyamula pulayala ndi tepi. Maganizo ake anali akuti alowe m'mabatani a kabokosiko achotse chimene chimazimitsa pampu, ndipo zikakanika alumikize pampuyo ku inveta ya m'nyumba ndi batire ya galimoto. Sindikumunyoza mnyamatayo, pakuti ankafuna kuthandiza ndipo mamembala ambiri anali kumbali yake. Munthu ukamaona masamba a chimanga akupotana ngati a anyezi, sumvanso za kudikira.

"Amayi, ndipatseni tsiku limodzi lokha," ndinapempha. "Mawa nthawi ngati ino tikapanda kupeza chifukwa, achimwene awa achite zimene akudziwa."

Anavomera, ngakhale monyinyirika.

M'kabokosi muli chiyani?

Magetsi alipo a mitundu iwiri. A mapanelo ndi a batire amayenda njira imodzi ngati madzi a mumtsinje, ndipo pa zipangizo amawalemba DC. A ESCOM amapita ndi kubwerera ngati mafunde a panyanja, ndipo amawalemba AC. M'dziko muno magetsi a ESCOM amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, ndipo ndilo tanthauzo la 50 Hz imene mumaiona pa chitsulo cha mota ya chigayo kapena kuseri kwa filiji. Mota zambiri za mapampu zimafuna magetsi obwererabwerera amenewa. Ntchito yoyamba ya inveta ndi kusandutsa magetsi a mapanelo kuti akhale a mtundu umene mota ikufuna.

Imachita bwanji? Mkati mwake muli maswitchi ang'onoang'ono opanda chogwira, opanda chosuntha. Pa inveta yoyendetsa mota ya mawaya atatu maswitchiwa amakhala asanu ndi limodzi. Amatseguka ndi kutsekeka kambirimbiri, maulendo zikwi zingapo pa sekondi imodzi. Aliyense amene anathirirako mpunga mu sikimu ya Bwanje amvetsa msanga. Ukatsegula geti la ngalande nthawi yaitali, m'munda mumalowa madzi ambiri. Ukangotsegula pang'ono nkutsekanso, mumalowa ochepa. Switchi ikakhala yotseguka kanthawi kotalikirapo, mota imalandira mphamvu yambiri, ikatseguka kanthawi kochepa imalandira yochepa. Posinthasintha kutalika kwa nthawi zimenezi mwadongosolo, kuchulukitsa pang'onopang'ono kenaka kuchepetsa, kenaka kutembenuza njira, inveta imaumba funde la magetsi lofanana ndi la ESCOM. Njira imeneyi akatswiri amailemba mwachidule kuti PWM.

Palibe dzanja la munthu lingatsegule switchi mwa liwiro lotere. Wolamula maswitchiwa ndi kakompyuta kakang'ono, kochepa ngati chikhadabo, kamene kamatsatira malamulo amene opanga analembamo. Iko kamayeza magetsi ochokera ku mapanelo, kamayeza amene mota ikukoka, kamayezanso kutentha kwa m'bokosimo, kenaka kuwerengera ndi kulamula maswitchi, ndipo kamabwereza zonsezi mosalekeza dzuwa lonse. Mainveta akale analibe nzeru zimenezi. Ankangotembenuza magetsi mwa liwiro limodzi, mota ipse kapena isapse. Ngakhale mapampu ang'onoang'ono amene ogulitsa amati ndi a DC ali ndi kakompyuta kotere, kaya m'kabokosi kaya mkati mwa pampu momwemo.

Kusaka mphamvu ya dzuwa

Ntchito yachiwiri ya kakompyuta kaja ndi kukama mapanelo. Panelo silipereka mphamvu yofanana nthawi zonse. Ukalisenzetsa katundu wambiri limafooka, ukalisenzetsa wochepa mphamvu ina imangotayika. Pali malo amodzi pakatikati pamene limapereka mphamvu yake yonse, ndipo malo amenewa amasuntha malinga ndi dzuwa, mitambo ndi kutentha.

Kakompyutako kamasaka malowo moyesayesa. Kamasintha katundu pang'ono nkuyeza. Mphamvu ikakwera kamapitiriza mbali yomweyo, ikatsika kamabwerera. Zili ngati dalaivala wa lole amene akukwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti, khutu lili pa injini, dzanja lili pa giya. Akakakamira giya imodzi galimoto izima pa chitunda. Mukaona zilembo zakuti MPPT pa kabokosi, dziwani kuti akunena luso limeneli.

Kwathu kuno kunyanja kuli chinthu china chofunika kuchidziwa. Mawati amene amalembedwa kuseri kwa panelo anayezedwa panelolo lili lozizira madigiri 25. Pa dzuwa la Okutobala ku Mua kapena ku Golomoti panelo litha kutentha kufika madigiri 60. Mapanelo ambiri amataya pafupifupi magawo 4 pa 1,000 aliwonse a mphamvu yawo pa digiri iliyonse yowonjezera, kutanthauza kuti pa kutentha kotere magawo 14 pa 100 apita. Nchifukwa chake sibwino kugoneka mapanelo pansi kapena kuwamatika pa malata. Pansi pake pazipita mphepo.

Liwiro la mota

Ntchito yachitatu ndiyo imene inatipulumutsa ku Mtakataka. Liwiro la mota limatsata liwiro la kutembenuka kwa magetsi. Pa 50 Hz mota zambiri za mapampu omiza zimazungulira pafupifupi ka 2,900 pa mphindi. Inveta ya pampu itha kutsitsa nambala imeneyi kufika 45, 40 kapena 35, ndipo mota imachepetsa liwiro. Ndi chifukwa chake pampu ya sola imagwira ntchito popanda batire. M'mawa dzuwa lili lofooka imayenda pang'onopang'ono, masana imathamanga, mtambo ukadutsa imabweza liwiro m'malo mozima.

Pali masamu atatu amene mlimi aliyense wa pampu yokhala ndi mapiko ozungulira ayenera kuwasunga. Mukatsitsa liwiro kuchoka pa 50 kufika pa 40, madzi otuluka amatsika kufika magawo 80 pa 100. Mphamvu yokankhira madzi kumtunda imatsika kwambiri, kufika magawo 64 pa 100. Magetsi amene pampu ikudya amatsika koposa, kufika pafupifupi theka. Tsono ngati thanki yanu ili pamwamba kwambiri kapena munda uli pa chitunda, madzi otuluka amachepa kuposa magawo 80 aja, ndipo mukatsitsa liwiro mopyola muyezo pampu imangozungulira madzi osafika kumapeto kwa paipi. Opanga mota zomiza ambiri salola kuti ziziyenda pansi pa 30 Hz.

Inveta imathandizanso podzutsa mota. Mota yolumikizidwa mwachindunji imakoka magetsi ochuluka kasanu mpaka kasanu ndi kawiri panthawi yodzuka. Amene amakhala pafupi ndi chigayo cha magetsi amadziwa mmene mababu amaphethirira chigayo chikamalizidwa. Inveta ya pampu imayamba ndi liwiro lochepa nkumakweza pang'onopang'ono, kotero kuti mota, mapaipi ndi mapanelo sizidzidzimuka.

Inveta ya m'nyumba imene mnyamata uja ankafuna kulumikiza ilibe zonsezi. Imatulutsa 50 Hz basi, sidziwa kudzutsa mota mofatsa, ndipo sidziwa ngati m'chitsime muli madzi kapena ayi. Zambiri zotsika mtengo zimatulutsa funde la makonamakona m'malo mwa losalala, ndipo mota yolandira magetsi otere imalira ndi kutentha. Ya wailesi ndi yotchajira mafoni isiyeni pa ntchito yakeyo.

Tinayeza ndi ndowa

Pampu itazima tsiku limenelo, pa kagalasi panaoneka zilembo ndi nambala. Ndinafunsa kabuku kamene kanabwera ndi pampuyo. Kanapezeka m'chikwama cha mlembi wa kalabu, kakadali m'pepala lake la pulasitiki, kosatsegula. Kumapeto kwa kabukuko kunali mndandanda wa zizindikiro ndi matanthauzo ake, ndipo chizindikiro chathu chinkatanthauza kuti pampu ikuyenda popanda madzi.

"Koma madzi alimo, alangizi, suzumirani nokha," anatero bambo wina.

Analimodi, chifukwa pamene tinkasuzumira chitsime chinali chitayamba kale kubwerera. Ndinapempha kuti tidikire pampu iyambenso, wina aime pa chitsime ndi nsungwi yoyezera, wina kumapeto kwa paipi ndi ndowa ya malita 20, ine ndigwire wotchi.

Ndowa inadzaza m'masekondi 20. Ndiye kuti lita imodzi pa sekondi, malita 3,600 pa ola. Koma madzi m'chitsime ankatsika tikuona, ndipo patapita mphindi 20 pampu inayamba kumeza mpweya nkuzima. Chitsime chinabwerera pamalo pake m'mphindi ngati 10, koma kabokosi kanali kotchereredwa kudikira mphindi 30 kasanayesenso.

Apa nkhani yonse inaoneka poyera. Mu Julayi madzi a pansi anali pafupi ndipo chitsime chinkakwanitsa kudyetsa pampu. Pofika Okutobala, pambuyo pa dzinja la mvula yochepa, chitsime chinali chitafooka, pamene dzuwa linali litakula ndipo pampu inali kuthamanga kuposa kale. M'mawa pampu ikuyenda pang'onopang'ono ziwirizi zinkagwirizana. Masana pampu inkaposa chitsime.

Nanga kabokosi kankadziwa bwanji, popeza kalibe maso? Pampu ikamakankha madzi mota imalemedwa ndipo imakoka magetsi ambiri. Ikayamba kumeza mpweya imapepukidwa ndipo magetsi amene ikukoka amagwa mwadzidzidzi ngakhale liwiro lili lomwelo. Kakompyuta kaja kakaona zimenezi kamazimitsa. Mapampu ena amakhalanso ndi kachipangizo kolendewera m'chitsime kodziwitsa kuti madzi atsika. Mota yomiza imaziziritsidwa ndi madzi omwewo amene ikupopa. Ikayenda pouma imatentha, ziwalo zake zimadyeka, ndipo mapeto ake ndi kupsa. Mnyamata uja akanachotsa chitetezo chimenechi, kalabu ikanatsala ndi ngongole, chimanga chouma ndi mota yakupsa.

Tinaimbira foni amene anawagulitsa pampuyo, ndipo mmisiri wawo anatitsogolera pa mabatani pang'onopang'ono, mnyamata wa mawailesi uja ndiye akudina. Tinasintha zinthu ziwiri zokha. Liwiro lapamwamba tinalitsitsa kuchoka pa 50 kufika pa 40 Hz, ndipo nthawi yodikira tinaichepetsa kufika mphindi 15. Manambala akale tinayamba tawalemba m'kope la kalabu kuti ngati zalakwika tibwerere.

Mawa lake ndowa inkadzaza m'masekondi 30, malita 2,400 pa ola. Mamembala ena anakhumudwa poona madzi akutuluka mofooka kusiyana ndi kale. Koma pampu sinazime tsiku lonse. Tiyeni tiwerengere limodzi. Kale inkapopa mphindi 20 nkupuma mphindi 30, kutanthauza malita 1,200 pa mphindi 50 zilizonse, kapena malita 1,440 pa ola. Pa maola 6 a dzuwa lamphamvu amenewo ndi malita 8,640. Tsopano pa maola omwewo inkapereka malita 14,400. Kuyenda pang'onopang'ono kunabweretsa madzi ambiri kuposa kuthamanga.

Kabokosi sikalenga madzi

Ndikanakonda kunena kuti nkhani inathera pomwepo mokoma, koma ayi. Milimita imodzi ya madzi pa hekitala ndi malita 10,000. M'nyengo yotentha kuno kuchigwa chimanga chachikulu chitha kumwa mamilimita 6 pa tsiku. Pa ekala imodzi amenewo ndi malita pafupifupi 24,000 tsiku lililonse, osawerengera otayika m'ngalande. Ife tinali ndi 14,400. Kalabu inabzala munda woposa mphamvu ya chitsime chake, ndipo palibe batani limene likanakonza zimenezo.

Tinakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana, ndipo sizinali zophweka chifukwa chigawo chilichonse chinali ndi mwini wake. Ndinawafotokozera kuti nthawi imene chimanga chimaopa ludzu koposa ndi pamene chikutulutsa ngaiyaye ndi ndevu. Chikasowa madzi masiku amenewo ndevu zimachedwa kutuluka, mungu umauma, ndipo chitsononkho chimadzakhala ndi njere zapatalipatali. Chimene chakhwima kale chitha kupirira, ndipo chaching'ono chofika m'mawondo chimamwa madzi ochepa.

Anagwirizana kuti madzi ayambe apita ku zigawo zimene zinali kumasula. Chimene chinali chitafika pa mondokwa anachichepetsera madzi nkuyamba kugulitsa. Chaching'ono anachiphimbira ndi udzu ndi mapesi a mpunga nkumachithirira kamodzi pa sabata. Abambo anakumbanso chitsime kuwonjezera kuya kwake. Koma zigawo ziwiri za kumapeto kwenikweni kwa paipi zinali zitapserera kale masiku amene pampu inkazimazima, ndipo eni ake sanakolole kanthu. Mmodzi mwa iwo anali mayi wamasiye. Kalabu inagwirizana kuti aliyense amupatseko ndowa imodzi pokolola. Kabuku kaja akanakatsegula sabata ziwiri m'mbuyomo, chimanga chake chikanapulumuka. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Za ku Golomoti

Amene amadutsa ku Golomoti amaona munda waukulu wa mapanelo pafupi ndi siteshoni ya magetsi ya ESCOM. Malo amenewa anamangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada mogwirizana ndi InfraCo Africa, ndipo anayamba kugwira ntchito mu 2022. Amapanga mamegawati 20, ndipo ali ndi mabatire otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Anabwera pa nthawi yake, chifukwa mu Januwale chaka chomwecho namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko nkutaya pafupifupi mamegawati 130.

Ndikutchula malowa chifukwa mtima wake ndi womwewo wa kabokosi ka pa dimba. Nawonso ali ndi mainveta, koma akuluakulu, osandutsa magetsi a mapanelo ndi a mabatire. Kusiyana kwake nkwakuti inveta ya pampu imadzisankhira liwiro, pamene ya ku Golomoti iyenera kumvetsera magetsi a m'mawaya a dziko lonse ndi kuponda nawo limodzi, monga mmene wovina ngoma amapondera limodzi ndi anzake. Ikaphonya sitepe makina oteteza amaichotsa pa mzere. Mtambo ukaphimba mapanelo, makompyuta ake amalamula mabatire kutseka mpatawo mwamsanga kuti magetsi opita kwa anthu asagwedezeke. Luso limene likuyendetsa mamegawati 20 ndi lomwelo limene lili pansi pa mapanelo anu, ndiye nkoyenera kulipatsa ulemu.

Sikimu ya Bwanje, imene inamangidwa ndi thandizo la boma la Japan kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, imathirira mahekitala 800 ndi madzi a mtsinje wa Namikokwe oyenda okha m'ngalande. Koma alimi ambiri a kwa Kachindamoto ali kunja kwa ngalande zimenezo. Anayamba ndi makeni, kunabwera mathiredo pampu, kenaka mainjini a petulo, ndipo tsopano ambiri maso ali pa sola. Ndi ndalama zambiri zimene zikulowa m'mabokosi amenewa, zambiri mwa izo za ngongole.

Pogula ndi posamala

Choyamba, yezani madzi musanagule pampu. Chitsime chiyezedwe mu Okutobala kapena Novembala pamene chafooka, osati mu Meyi. Muuzeni wogulitsa malita amene chitsime chimapereka pa ola, kuya kwa madzi, kutalika kwa paipi ndi kukwera kwa munda kapena thanki. Wogulitsa amene sakufunsani zimenezi nkungokufunsani ndalama zimene muli nazo, musiyeni. Funsaninso ngati ali ndi chiphaso cha bungwe la MERA, limene limayang'anira za mphamvu zamagetsi m'dziko muno.

Chachiwiri, funsani ngati kabokosi kali ndi MPPT, ngati kamazimitsa pampu madzi akatha, ngati kamalola kutsitsa liwiro, ndiponso ngati kali ndi polumikiza kachipangizo kozimitsa pampu thanki ikadzaza. Mawati, mavolti ndi maampu olembedwa pa mota ayenera kulowetsedwa m'kabokosi tsiku loika pampu, chifukwa kakompyuta kamateteza mota potsata manambala amene kauzidwa. Kakauzidwa olakwika kamateteza molakwika.

Chachitatu, musawonjezere mapanelo pa mzere mwa inu nokha. Mapanelo olumikizidwa motsatizana amaphatikiza mavolti awo, ndipo pa mapampu aakulu amafika mazanamazana, okwanira kupha munthu. Kabokosi kalikonse kali ndi malire ake olembedwa pambali. Dziwaninso kuti mavolti amakwera mapanelo akazizira, choncho mzere umene ukuoneka wabwino masana a Okutobala utha kupyola malire m'mawa wa Juni.

Chachinayi, kabokosi kakhale pa mthunzi ndi podutsa mphepo. Kakatentha kwambiri kamadzichepetsera mphamvu kapena kuzima kumene. Musakakulunge m'pulasitiki poopa fumbi. Muziyang'ana kuseri kwake, pa zitsulo zotulutsira kutentha, chifukwa mavu amakonda kumangapo zisa za dothi, ndipo nyerere ndi abuluzi amalowera m'mabowo a mawaya osatsekedwa. Mapanelo muzitsuka ndi madzi oyera ndi nsalu yofewa m'mawa kusanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi kapena ndowe za mbalame pa panelo limodzi zimafooketsa mzere wonse.

Chachisanu, mvula yoyamba kuno imabwera ndi mphenzi. Onetsetsani kuti mmisiri wakhoma chitsulo m'nthaka ndi kulumikizako mapanelo, kabokosi ndi pampu, ndipo waika kachipangizo koteteza ku mphenzi. Ngati simuthirira m'dzinja, zimitsani pa switchi yaikulu.

Chotsiriza, kalabu iliyonse ikhale ndi kope. Kabokosi kakaonetsa chizindikiro, lembani chizindikirocho, tsiku ndi nthawi yake, kenaka tsegulani kabuku kapena imbirani mmisiri. Lembaninso masekondi amene ndowa ikudzazira kamodzi pa sabata, nthawi yofanana. Nambala imeneyi ikayamba kukwera mudzadziwa kuti china chake chikusintha, kaya mapanelo ada, kaya sefa yatsekeka, kaya chitsime chikutsika, chimanga chisanayambe kufota. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti aphunzire mabataniwo, ndipo ena onse asagwireko.

Ndinadutsanso pa kalabu ija chaka chotsatira m'mwezi wa Ogasiti. Anali atabzala magawo awiri mwa atatu a munda uja, ndipo anabzala mosiyanitsa masabata kuti chimanga chonse chisadzamasule nthawi imodzi. Mnyamata wa mawailesi uja ndiye anali wosunga kope ndi kabuku. Anandiuza kuti m'miyezi yozizira amabwezera liwiro pa 50, ndipo madzi akayamba kutsika pa nsungwi amalitsitsa pang'onopang'ono.

Alimi anzanga a ku Mua, Golomoti, Mtakataka ndi kwina konse, ngati muli ndi pampu ya sola, pezani kabuku kake lero lomwe, ndipo sabata ino tengani ndowa ndi wotchi mukayeze madzi anu. Alangizi a zaulimi a m'dera lanu angakuthandizeni kuwerengera kukula kwa munda umene madziwo angakwanitse musanagule mbewu ndi feteleza.